Mafelemu a adzina opangidwa mu Mzuzu: kupulinta kuli bwino, koma mndandanda bwerani nawo nokha

M'mashopu opulinta ndi kufotokopa a mu Mzuzu, makamaka a m'tauni kufupi ndi msika waukulu ndi a ku Luwinga komwe kumachuluka ophunzira, mukhoza kupangitsa mphatso imene ambiri amangoitchula kuti felemu ya dzina. Ndi pepala lopulintidwa m'mitundu, loikidwa m'felemu. Pamwamba pamakhala dzina loyamba la wolandira mphatsoyo m'zilembo zikuluzikulu, pansi pake tanthauzo la dzinalo, kenako magawo atatu: anthu otchuka amene ndi adzina ake, anthu opeka a m'mabuku, m'masewero ndi m'mafilimu, ndi nyimbo zotchula dzinalo. Mashopu ena amawonjezerapo fulashi kapena memori khadi yokhala ndi nyimbozo. Anthu amapangitsa pa tsiku lokumbukira kubadwa, pa ubatizo ndi pomaliza sukulu, ndipo pachinkhoswe ena amapangitsa awiri, ya mwamuna ndi ya mkazi.

Ganizo la mphatsoyi ndi labwino kwambiri, ndipo timalikonda. Mwana akadziwa kuti dzina lake linali la anthu amene anachita zazikulu, amayamba kulinyadira. Mbali ya makina nayo ilibe vuto lalikulu, pakuti anyamata ndi atsikana a m'mashopuwa amadziwa kuyala zilembo, kusankha mitundu ndi kudula pepala mowongoka. Pofooka ndi pa zolembedwazo. Mukatchula dzina, nthawi zambiri wapakompyuta amalilemba pa Google, natsegula tsamba lachingerezi lomwe labwera pamwamba, nakopera mayina oyambirira, nawamata m'chikombole chomwe anakonza kale mu CorelDRAW, Canva kapena Word. Mphindi zochepa ntchito yatha. Koma masamba amenewo analembedwa ndi anthu a ku America ndi ku Britain, ndipo amalembera anthu akwawo. Felemu ikutuluka yokongola, koma mulibe Mmalawi ngakhale mmodzi, ndipo zina zolembedwamo n'zolakwika. Chinthu chokhala pakhoma la pabalaza zaka khumi, chomwe ana adzachiloweza pamtima, sichiyenera kulembedwa mothamanga chotere.

Tengani dzina la Rose. Mndandanda wokoperedwa pa intaneti umabweretsa ochita mafilimu a ku Hollywood omwe wolandira mphatsoyo sanawamvepo, n'kusiya mayi Rose Chibambo, amene nkhope yawo ili pa K200 yomwe wogulayo mwina wailipira pakauntala pomwepo. Mayi Chibambo anabadwa pa 8 Seputembala 1928 ku Kafukule m'boma la Mzimba. Anasonkhanitsa amayi m'chipani cha Nyasaland African Congress polimbana ndi chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland, ndipo mu 1959 atsamunda anawatsekera m'ndende atangobereka kumene, mwanayo n'kumutcha Gadi. Anali mayi woyamba kupatsidwa udindo wa wachiwiri kwa nduna m'boma la Dr. Banda. Nduna zitasemphana ndi Dr. Banda mu 1964 anathawira ku Zambia, komwe anakhala zaka pafupifupi 30, ndipo atabwerako anakhazikika mu Mzuzu momwemuno. Anamwalira mu Januwale 2016. Felemu ya Rose yopangidwa mumzinda uno yopanda dzina limeneli ndi yosamaliza, ndipo musailandire. Pambali pawo pakhoza kubwera Rose Muhando, woimba nyimbo zauzimu wa ku Tanzania amene nyimbo zake zamveka kwambiri m'maminibasi ndi m'misika yathu. Ngati banjalo ndi la Chikatolika, onjezerani Rose woyera wa ku Lima m'dziko la Peru, amene anakhala ndi moyo kuyambira 1586 mpaka 1617, ndipo tsiku lake ndi 23 Ogasiti.

Pa dzina lomweli pali zolakwika zitatu zomwe zimabwerezedwa. Choyamba ndi kusakaniza mayina ofanana kamvekedwe. Rosa Parks, mayi amene anakana kusiyira mzungu mpando m'basi ku Montgomery mu 1955, ndi munthu wamkulu ndithu, koma dzina lake ndi Rosa. Ngati mukufuna akhalepo, palembedwe kamutu kakuti mayina apachibale, ndipo Rosemary ndi Roselyn alowe pomwepo. Chachiwiri ndi kusokoneza munthu wopeka ndi munthu weniweni. Rose wa m'filimu ya Titanic ya 1997 sanakhalepo. Sitimayo inamiradi mu Epulo 1912, koma mtsikanayo anachita kumupeka olemba filimu, ndipo chithunzi chomwe amamata ndi cha Kate Winslet amene anasewera mbaliyo. Malo ake ndi gawo lachiwiri, ndipo palembedwe kuti ndi wa m'filimu. Chachitatu chili pa nyimbo. "Kiss from a Rose" ya Seal ikunena za duwa, ndipo "La Vie en rose" ya Édith Piaf ikunena za mtundu wa pinki m'Chifalansa. Zonse ziwiri zimapezeka pa mindandanda ya pa intaneti chifukwa makina ofufuzira amangoona zilembo zinayi zofanana. Simunthu amene akuimbidwamo.

Dzina la John ndiye lili ndi anthu ochuluka mwakuti vuto ndi kusankha. Woyamba pa felemu ya Mmalawi akhale m'busa John Chilembwe, amene ali pa K500 ndi pa K2000. Apa samalani ndi masiku, chifukwa amasokonezedwa kawirikawiri. Tsiku la 15 Januwale ndi lowakumbukira, lomwe ndi tchuthi m'dziko lonse. Kuukira atsamunda kunayamba pa 23 Januwale 1915, ndipo iwo anaphedwa pa 3 Febuluwale chaka chomwecho. Anapita ku America ndi Joseph Booth mu 1897, anaphunzira ku Lynchburg m'chigawo cha Virginia, nabwerera mu 1900 kudzayambitsa Providence Industrial Mission ku Mbombwe m'boma la Chiradzulu. Felemu yolemba kuti anamwalira pa 15 Januwale ikuphunzitsa mwana yankho lolakwika la mayeso. Ena a dzinali ndi malemu John Tembo, amene anakhalapo gavanala wa Reserve Bank of Malawi ndi mtsogoleri wa Malawi Congress Party ndipo anamwalira mu 2023, komanso malemu John Nyanga, katswiri wa zisudzo amene dziko lonse limamudziwa kuti Izeki. Anthu a mu Mzuzu amadutsa tsiku ndi tsiku pa zikwangwani za St John of God, osadziwa kuti mwini dzinalo anali munthu wobadwira ku Portugal mu 1495, amene anatumikira odwala ndi osauka ku Granada m'dziko la Spain mpaka imfa yake mu 1550. Kwa mwana wobadwira mumzinda uno, mzere umenewu uli ndi tanthauzo kuposa dzina la wosewera gofu wa ku Florida.

Elton John asalowe. John wakeyo ali kumapeto, ndipo dzina lake lobadwa nalo ndi Reginald Dwight. John Cena ndi munthu weniweni, pamene John Rambo ndi John Wick ndi a m'mafilimu. Popeza onse atatu anyamata amawaonera m'nyumba zomwezomwezo za kanema, wapakompyuta wothamanga amawaika m'gulu limodzi, n'kumata nkhope ya Sylvester Stallone pansi pa mutu wa anthu otchuka a dzina la John.

Pali msampha wina umene masamba achingerezi sangauone, koma umagwira wapakompyuta amene wafuna kuwonjezera za m'Baibulo. M'Baibulo la Chichewa, James ndi Jacob onse ndi Yakobo. Choncho felemu ya James imatha kutuluka ndi nkhani ya Yakobo mwana wa Isake, amene anagula ukulu wa Esau, pamene woyenera ndi Yakobo mtumwi, mwana wa Zebedayo, kapena Yakobo wa kalata ija ya m'Chipangano Chatsopano. Mayinawa ndi amuzu umodzi, koma anthuwo ndi osiyana, ndipo felemu inene bwino amene ikumutchula. James wa kwathu woyenera kutsogola ndi James Frederick Sangala wa pa K100, mmodzi mwa oyambitsa Nyasaland African Congress. James Bond apite kwa opeka. Chimodzimodzinso, onetsetsani dzina lomwe lilidi loyamba: Peter Mutharika ndi Arthur Peter, ndipo Bakili Muluzi ndi Elson Bakili. Kuwaika pa felemu ya Peter kapena ya Bakili sikulakwa, popeza ndi mayina omwe amadziwika nawo, koma alembedwe mokwanira.

Michael ndi chitsanzo cha mmene felemu yabwino ingaonekere. Pamwamba mngelo Mikayeli. Kenako Michael Sauka, amene anapeka nyimbo ya fuko lathu yomwe inayamba kugwira ntchito mu 1964, munthu amene ana ambiri amaimba mawu ake pa asembule osadziwa dzina lake. Kenako Michael Usi, amene anatchuka ngati Manganya m'sewero la Tikuferanji asanakhale wachiwiri kwa mtsogoleri wa dziko mu Juni 2024. Michael Jackson ndi Michael Jordan abwere pambuyo pa amenewa. Pa andale ndi onse a maudindo, lembetsani chaka chimene analowa pa udindo, osati mawu akuti "panopa ndi". Maudindo amasintha pa chisankho chilichonse, koma pepala la m'galasi silisintha. David naye ali ndi mwayi womwewo kuno kumpoto: mfumu Davide, David Livingstone amene anafika ku Nyanja ya Malawi mu 1859 ndipo Livingstonia ikutchedwa dzina lake, ndi David Rubadiri, mlakatuli amene anali kazembe woyamba wa Malawi ku United States ndi ku United Nations, ndipo anamwalira mu 2018.

Gawo la nyimbo ndilo loopsa kwambiri, ndipo ndi limene ogula saliyang'anitsitsa. Nyimbo yotchula dzina la munthu kawirikawiri imakhala yodandaula za munthuyo. Oimba amaitana dzina akapwetekedwa mtima. Amalawi timakonda nyimbo za country, choncho mitu yake imaoneka yodziwika ndi yabwino pamaso, koma mverani mawu. Mu "Jolene" ya Dolly Parton ya 1973, mayi akuchonderera Jolene kuti asamulande mwamuna. Mu "Lucille" ya Kenny Rogers ya 1977, Lucille wathawa mwamuna wake n'kumusiyira ana anayi. "Delilah" ya Tom Jones ya 1968 ndi ya mwamuna amene wapha chibwenzi chake chifukwa cha nsanje. "Mario" ya Franco ya 1985, yomwe akuluakulu amavinabe m'maukwati, ikudzudzula mnyamata wophunzira amene safuna ntchito, koma kudyera mayi wachuma amene akumusunga. Kupereka nyimbo imeneyi kwa mlamu wanu Mario pa tsiku lake lobadwa kukhoza kuutsa mlandu wa pabanja, makamaka ngati akumva Lingala kapena wina wamumasulira. "Neria" ya Oliver Mtukudzi ndi nyimbo yachifundo, ndipo Neria ndi dzina la mayi wa m'filimu ya ku Zimbabwe ya dzina lomwelo, choncho imalowa m'magawo awiri. Koma ndi yotonthoza mayi wamasiye amene achibale a malemu mwamuna wake akumulanda katundu. Pa felemu ya pachinkhoswe siyoyenera.

Zabwino ziliponso. "Amanda" imene Don Williams anaimba mu 1973 ndi ya mwamuna woyamikira mkazi wake. "Linny Hoo" ya agogo Giddes Chalamanda, yomwe inamveka dziko lonse lapansi ataimbanso ndi Patience Namadingo mu 2020, ndi yoimbira mwana wamkazi, ndipo kwa Linny aliyense palibe ina yoposa. Kwa Grace, Chisomo ndi Wezi, mashopu amaika "Amazing Grace" ya John Newton, yomwe inasindikizidwa mu 1779. Nyimboyi sikunena za mtsikana wotchedwa Grace, ikunena za chisomo cha Mulungu, koma popeza dzinalo linachokera pomwepo, ife timaivomereza, bola kamutu kanene kuti ndi nyimbo ya tanthauzo la dzinalo. Lamulo lake ndi limodzi: nyimbo iliyonse imvedwe kuyambira poyamba mpaka pomaliza isanalembedwe, ndipo ya m'chinenero chomwe simumva mufunse wochidziwa. Nyimbo ziwiri zoyenera zikwanira. Ngati palibe ngakhale imodzi, gawolo lichotsedwe, malo ake pakhale vesi kapena nyimbo ya m'buku la kutchalitchi.

Mayina athu akuno ndi amene amavutika koposa, ndipo zimenezi zimatipweteka, chifukwa mu Mzuzu ndi ochuluka. Mukatchula Temwa, Lusungu, Wongani, Tiwonge, Vitumbiko kapena Chimwemwe, intaneti imapereka zochepa, ndipo masamba ena a mayina a ana amangopeka tanthauzo, kapena kunena kuti dzinalo ndi "la ku Africa" basi. Tanthauzo la dzina la Chitumbuka lifunsidwe kwa agogo kapena azakhali amene analitcha, osati kwa Google. Lusungu ndi chifundo, Vitumbiko ndi madalitso, Wongani ndi thokozani, koma chifukwa chimene mwanayo anapatsidwira dzinalo chimadziwika ndi banja lokha, ndipo chiganizo chimodzi chofotokoza zimenezo n'chamtengo kuposa mndandanda wonse. Adzina otchuka aliponso. Temwa Chawinga wa ku Rumphi anamwetsa zigoli 20 mu ligi ya amayi ya ku America mu 2024 akusewerera Kansas City Current, nasankhidwa kukhala wosewera wopambana onse chaka chimenecho. Mkulu wake Tabitha Chawinga anatsogola pa omwetsa zigoli mu ligi ya ku Italy ali ku Inter Milan, kenako anasewera ku Paris Saint-Germain ndi ku Lyon. Felemu ya Tabitha imakoma kwambiri, chifukwa pamwamba pa katswiriyu pamabwera Tabita wa ku Yopa wa pa Machitidwe 9:36, wotchedwanso Dorika, amene ankasokera amasiye zovala. Pamene dzina lilibe munthu wotchuka wotsimikizika, musalole kuti adzazepo aliyense wopezeka pa Facebook. Ikanipo adzina a m'banja momwemo, monga agogo amene mwanayo anatengera dzina, ndi mudzi wawo ndi ntchito yawo. Kumbukiraninso kuti mayina ambiri akuno ndi a amuna ndi akazi omwe. Muuzeni wapakompyuta ngati Chimwemwe wanuyo ndi mnyamata, asanamuzungulize maluwa a pinki.

Pa zilembo, yang'anani ŵ. Mafonti ambiri okongoletsa, aja opindikapindika omwe amagwiritsa ntchito pa dzina lalikulu la pamwamba, alibe chilembochi. Pa kompyuta chimaoneka ngati kabokosi, kapena pulogalamu imachibwereka ku fonti ina, ndiye dzina ngati Mbaŵemi limatuluka ndi chilembo chimodzi chosiyana ndi zinzake. Ngati mwini dzina amalemba ndi ŵ, sankhani fonti yomwe ili nacho, kapena wapakompyuta ajambule kadenga kake pamanja mu CorelDRAW. Kankhodolero ka mu ng' ndi ka mu M'mbelwa nako kamatembenuka kapena kusowa pokopera. Funsani mwini dzina kapena onani pa chiphaso chake, chifukwa Tiwonge ndi Tionge, Wongani ndi Ongani, onse alipo ndipo aliyense amafuna kalembedwe kake.

Tsopano za pepala ndi inki. Pepala wamba lofotokopera ndi la 80 gsm (gsm ndi muyezo wa kulemera kwa pepala), ndipo likamwa inki yambiri limachita makwinya. Pa ntchito iyi pemphani pepala la zithunzi la pakati pa 200 ndi 260 gsm. Mapulinta ambiri a m'mashopu ang'onoang'ono ndi aja a matanki a inki, ndipo inki yake yambiri ndi ya dye, utoto wosungunuka m'madzi. Mitundu yake imawala bwino tsiku loyamba, koma imafwifwa ndi dzuwa ndipo imayenderera ikakhudzidwa ndi madzi. Mzuzu ndi mzinda wachinyontho: mvula imakhalitsa, chifunga cha m'mawa chimalowa m'nyumba, ndipo mu Juni ndi Julayi makoma amazizira mpaka kuchita thukuta. Ngati shopu ili ndi inki ya pigment, yomwe imapirira dzuwa ndi madzi, kapena pulinta ya laser ya mitundu, sankhani imeneyo ngakhale ikhale yokwererapo. Ngati ilipo ndi ya dye yokha, pepala lilaminetedwe ndi pulasitiki ya 125 micron (muyezo wa kukhuthala kwake), koma lisalaminetedwe litangotuluka mu pulinta. Liume kaye maola angapo, makamaka kugona usiku umodzi, apo ayi chinyontho chotsekeredwa mkati chimatulutsa matuza ndi mitambo yoyera. Podula, asiye mpendero wa pulasitiki wa mamilimita 3 mpaka 5 kuzungulira pepala. Akadula mofika papepala penipeni, m'mphepete mumatseguka ndipo madzi amalowa.

Pepala lonyezimira lomwe silinalaminetedwe lisagunde galasi. Kukachita chinyontho limamatirira, ndipo tsiku lomwe mudzafuna kusintha felemu chithunzi chidzatsalira pagalasipo. Pakhale kakatoni kodulidwa pakati kolekanitsa ziwirizi. Felemu yeniyeniyo muiyeze. A4 ndi mamilimita 210 m'lifupi ndi 297 m'litali, pamene mafelemu ambiri otchipa ochokera kunja ndi a mainchesi 8 kwa 10, omwe ndi mamilimita 203 kwa 254. Pepala la A4 silingalowemo popanda kudulidwa, ndipo chodulidwacho nthawi zambiri ndi mzere womaliza wa nyimbo. Gulani felemu kaye, ndipo wapakompyuta ayale ntchito yake molingana ndi muyezo wake. Mlomo wa felemu umabisa mamilimita pafupifupi 5 mbali iliyonse, choncho zolemba zonse ziyambire mamilimita 15 kuchokera m'mphepete. Kumbuyo, bolodi ya MDF, ya utuchi wopanikiza, imafufuma ndi kuchita nkhungu m'nyumba zonyowa. Kalipentala wa mafelemu akhoza kuikapo pulayiwudi yopyapyala yopaka vanishi, ndipo ndi yolimba kuposa ya m'shopu.

Zithunzi za adzina ndi zomwe zimaonetsa msanga ngati ntchito yachitidwa mosamala. Kuti chithunzi chituluke chakuthwa pamafunika madontho 300 pa inchi iliyonse. Kachithunzi kotengedwa pa tsamba la zotsatira za Google kamakhala ka mapikiselo pafupifupi 300 m'lifupi, ndipo kamakwanira masentimita awiri ndi theka okha. Akakakoka kuti kafike masentimita 5, nkhope imasweka kukhala timabokosi. Pa kukula kumeneko pamafunika mapikiselo 600. Chithunzi cha wolandira mphatsoyo mukamatumiza pa WhatsApp, tumizani ngati document, chifukwa njira yachizolowezi imachifinya. Nkhope ya munthu wakale itsimikizidwe kawiri. Ofufuzira amabweretsa zithunzi za anthu ena a dzina lofanana, ndipo wachinyamata wa pakompyuta sangadziwe nkhope ya James Sangala ngati sanayang'anitsitse K100. Ngati pali chikaiko, felemu yopanda zithunzi za adzina ndi yabwino kuposa ya nkhope yolakwika.

Musadzaze pepala. Pa A4 pamakwana bwino dzina, chiganizo chimodzi kapena ziwiri za tanthauzo, adzina anayi kapena asanu aliyense ndi mzere wake, opeka awiri ndi nyimbo ziwiri kapena zitatu. Zilembo zisachepere 12 point, chifukwa felemu imawerengedwa munthu ataima patali, osati ili m'manja. Mukafuna zambiri pitani pa A3, yomwe ndi mamilimita 297 kwa 420, koma dziwani kuti si shopu iliyonse ili ndi pulinta ndi makina olaminetera a kukula kumeneko. Chinenero chikhale chimodzi kuyambira pamwamba mpaka pansi, ndipo ngati ndi Chichewa kapena Chitumbuka, lembani mawuwo nokha kunyumba. Zomasulira za makina zimapotoza mayina ndi maudindo.

Za fulashi sitikuzilimbikitsa kwenikweni. Nyimbo khumi za MP3 kawirikawiri sizifika ngakhale 100 MB, ndiye palibe chifukwa cholipirira fulashi yaikulu, ndipo zotchipa zambiri zimafa msanga. Makompyuta a m'mashopu amalandira mafulashi a anthu ambirimbiri pa tsiku, choncho kachilombo kaja kosandutsa mafayilo kukhala ma shortcut sikasowa. Mukaitenga, ikhale yofomatidwa mwa njira yotchedwa FAT32 kuti iwerengeke pa wailesi ndi m'galimoto, ndipo imvedwe pa sipika muli pomwepo. Palinso nkhani ya umwini. Kukopera nyimbo za anthu n'kumagulitsa popanda chilolezo ndi kuwadyera oimba masuku pamutu, ndipo bungwe la COSOMA, loteteza umwini wa ntchito za aluso, lilipo chifukwa cha zimenezi. Njira yabwinopo ndi kulemba mutu wa nyimbo, woimba ndi chaka, kenako kuika QR code, chizindikiro cha timabokosi chowerengedwa ndi kamera ya foni, yolozera ku tsamba la woimbayo pa YouTube. Ikhale ya masentimita osachepera atatu mbali iliyonse, yakuda pa malo oyera, ndipo iyesedwe ndi foni galasi litaikidwa kale, chifukwa kunyezimira kumalepheretsa kamera kuwerenga.

Mitengo imasinthasintha chifukwa inki, mapepala, pulasitiki ndi mafelemu ambiri ndi zochokera kunja, ndipo kwacha itatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023 zonsezi zinakwera. Funsani mtengo wa chinthu chilichonse pachokha: kuyala ntchito pa kompyuta, kupulinta, kulamineta ndi felemu. Mukabwera ndi mndandanda wanu wolembalemba, mwachepetsa ntchito ya wapakompyuta, ndipo muli ndi poyambira kunenerera. Shopu yabwino mudzaidziwa pa zinthu zochepa: imakufunsani kalembedwe ka dzina, imakutembenuzirani sikirini kuti muwerenge, ndipo sikwiya mukapempha kuti ipulinte kaye pa pepala wamba m'zilembo zakuda. Pepala loyeseralo pitani nalo kunyumba, wina wamkulu aliwerenge, makamaka zaka ndi maudindo. Anthu amene ali pa ndalama zathu ndi osavuta kutsimikiza, popeza mayina awo analembedwa pandalamapo. Za ena, laibulale ya National Library Service ya mu Mzuzu ndi mabuku a mbiri a kusekondale ndi odalirika kuposa tsamba la mayina a ana. Perekani masiku awiri kapena atatu ntchito isanafunike, poganizira kuuma kwa inki ndi kuzima kwa magetsi, ndipo pomaliza pemphani fayilo ya PDF kuti pepala likadzafwifwa mudzangopulintanso.

Popachika, pewani khoma loyang'anizana ndi windo lolowa dzuwa la masana, khoma lakunja lomwe limanyowa nthawi ya mvula, ndi lomwe kuseri kwake kuli bafa. Kumbuyo kwa felemu, pa ngodya ziwiri zam'munsi, matanipo tizidutswa ta labala kapena ta katoni tokhuthala mamilimita pafupifupi 5, kuti mpweya uzidutsa pakati pa felemu ndi khoma. Galasi lipukutidwe ndi kansalu konyowa pang'ono, osathira madzi pagalasi penipeni, chifukwa amatsikira pansi pa mlomo wa felemu n'kukafika ku pepala.